A Dominiko ndi maluwa amene ndinaphika

Sikisi koloko inatipeza tili kale pa ntchito, makasu akulira pabwalo la tchalitchi. Linali Loweruka la pakati pa Januwale, nkhungu ili mbuu, mame akunyowetsa zitenje mpaka m'mawondo. Sabata imeneyo inali ya mphakati wathu, ndiye kusesa, kukolopa ndi kupalira zonse zinali zathu.

Ine ndinali ndi miyezi inayi yokha m'mudzi muno. Kwathu ndi kwa Kaphuka. Kuno kuseri kwa Kasina ndinabwera ngati mtengwa, mwana wanga Linda ali wakumsana. Amene anakhalapo mtengwa akudziwa, umafuna anthu aone kuti manja uli nawo. Choncho apongozi anga, a Bernadetta, atandilozera mbali ya pansi pa mawindo, ndinamangitsa mwana kumsana n'kuweramira pomwepo osafunsa kanthu.

Panali bedi lalitali lozunguliridwa ndi njerwa zozika mopendeka. Udzu unali utadzaza: dawe, khovani, chisoso, mamunaaligone, zonse zothinana. Pakona panali kamtengo kakugwa, komangidwa kachiguduli kofiira. Ndinakatola n'kukaponya kudzala pamodzi ndi zinyalala. Koma pakati pa udzuwo, abale inu, panali bonongwe! Wanthete, wotalika ngati chikhatho, wobiriwira bwino, bedi lonse. Ndinadabwa kuti amayi onsewa akungodutsa osamuona.

Amayi anga anandiphunzitsa chinthu chimodzi ndili wamng'ono. Bonongwe salima ndi khasu ndipo sazula. Umangobudula nsonga ndi chikhadabo, n'kusiya masamba angapo m'munsi, kuti sabata yamawa udzathyolenso. Ndiye ndinaika khasu pambali, n'kuzula udzu wina wonse ndi manja, bonongwe n'kumusiya ali chilili. Nditatha ndinabudula nsonga zonse, osasiyako ndi imodzi yomwe, n'kumanga pa ngodya ya chitenje. Ndinapita kunyumba mtima uli mbee, ndikuti ntchito ya Mulungu ndagwira, ndiwo ndapezanso.

Ndinaphika ndi tomato mmodzi ndi nsinjiro. Masana tikudya pakhonde, apongozi anati, "Bonongwe ameneyu ngofewa mwachilendo. Mwamuthyola kuti?"

Ndisanayankhe tinamva odi.

Anali bambo wamtali, woonda, waimvi, atavala jekete la bulauni ndi majombo, sizasi yaikulu ikusuzumira m'thumba. M'manja ananyamula kamtengo kaja ka chiguduli chofiira. Apongozi atangokaona anabweza mbamu m'mbale.

"A Dominiko, fikani," anatero, mawu atachepa.

Tinawapatsa mpando, tinalonjerana bwinobwino, kufunsana za kunyumba ndi za mvula. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Amake Linda ndinu?"

"Ndine, agogo."

"Amene mwapalira pansi pa mawindo?"

"Eya, agogo." Ndinayankha monyadira, ndikuyesa abwera kudzayamikira.

"Mwapalira bwino zedi. Udzu wonse psiti. Nanga mitu ya maluwa anga mwaiika kuti?"

Ndinayang'ana apongozi. Apongozi anayang'ana m'mbale ya ndiwo. A Dominiko nawo anaweramira m'mbalemo, kuyandikitsa nkhope pafupi kwambiri, n'kununkhiza.

"Mwachita kutendera?"

"Eya, agogo."

"Tandipatsani supuni."

Analawa, n'kumatafuna pang'onopang'ono, maso ali kudenga. "Zaka makumi anayi ndikudzala duwa limeneli, sindinkadziwa kuti limakoma chonchi. Mchere wokha ndiwo wachepa." Anapukuta pakamwa. "Akulu anati safunsa anadya phula. Inu mwaposa, mwatidyera maluwa a Pasaka."

Apongozi anaseka mpaka kutsamwa. Ine ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe. A Dominiko anatsanzika, kamtengo kawo kali m'manja.

Atachoka, apongozi anandikhazika pansi n'kundiuza munthu amene ndamulakwira. Zina ndadzazimva pambuyo pake kwa eni ake.

A Dominiko anabadwira m'mudzi womwe uno. Sukulu analekezera Sitandade 3, chifukwa bambo awo ankafuna wowathandiza kusenza mbatatesi kupita nayo kumsewu. Atakula anakwera lole ya kabichi kupita ku Lilongwe, ndipo kumeneko anagwira ntchito yosamala maluwa m'nyumba za mabwana kwa zaka makumi awiri ndi zinayi. Mabwana ankasintha, ena azungu, ena amwenye, ena anzathu omwewa, koma iwo ankatsala mumpanda ngati mtengo wa mango. Amati dona wina ankadzala luni m'miphika yokongola pakhonde, luni weniweniyu wa ndiwo, kungoti wake anali wa maluwa aakuluko, ndipo ankawalamula kuti azimuthirira kawiri pa tsiku. "Ine ndikumuthirira malovu ali chuchuchu," amatero. "Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti udzu, ndiwo ndi duwa, zimatengera amene wadzala."

Pobwerera kumudzi anzawo ankabwera ndi wailesi ndi malata. Iwo anabwera ndi njinga, sizasi ija, ndi jumbo lodzaza mabokosi a machesi, lililonse muli njere zake. Akazi awo, a Sophie, mpaka lero amasimba kuti atatsegula jumbolo anakhala pansi n'kufunsa kuti, "Bambo, zaka zonsezi mumagwira ntchito kapena mumatola zinyalala?"

Amalima chimanga ndi mbatatesi ngati wina aliyense. Koma kuyambira chaka chimene anabwerera, maluwa a pa guwa la tchalitchi chathu akhala akuchokera m'manja mwawo, popanda wowatuma. Maina achizungu a maluwa anawaiwala dala, amati amapweteka lilime. Anawapatsa awoawo. Pali asisitere, oyera aatali aja oweramitsa mutu. Pali teni koloko, amene satsegula dzuwa lisanakwere. Ndiye pali duku, wamkulu wa onse. Ndi duwa lofiira kwambiri, lopindikapindika ngati kanyama ka pamutu pa tambala, lofewa ngati bulangete latsopano. Iwo amati limaoneka ngati duku la mayi amene wamanga mwaluso popita ku ukwati. Limachita maluwa mvula ikamapita kumapeto, ndiye chaka chilichonse pa Pasaka guwa lathu limakhala la maduku.

Chaka chimenecho zinthu zinali zitavuta kale ine ndisanafike ndi chikhadabo changa. Denga la nyumba yawo linadontha pamene ankasunga jumbo, njere zambiri n'kuola. Za duku linatsala bokosi limodzi lokha, ndipo lonselo analifesa pa bedi lija. Komanso a Macdonald, wapampando wa komiti ya tchalitchi, anali atabwera ndi katoni ya maluwa apulasitiki kuchokera ku Dedza Boma. A Macdonald si munthu woipa ayi, amangokonda dongosolo. Ankati apulasitiki safota, safuna madzi, mbuzi siziwadya, ndipo pa bedi paja pangakhale malo abwino oimikapo njinga, poti anthu amazitsamiritsa kukhoma n'kumadetsa laimu. Komiti inagwirizana zodikira Pasaka. Maduku akapezeka pa guwa, bedi likhala. Akapanda kupezeka, katoni itsegulidwa ndipo njerwa zizulidwa.

"Ndiye inu mwawagwirira ntchito a Macdonald," anatero apongozi. "Dzukani mutsuke mbale."

Lolemba m'mawa apongozi anandipatsa msoti kuti ndikapepesere. Ndinawapeza a Dominiko akunola sizasi pamwala, a Sophie akusankha nyemba pa lichero. Ndinagwada n'kupereka nkhuku ndi manja awiri.

"Iyi ndi ya chiyani?"

"Ndinalakwa, agogo."

"Mwandidyera maluwa, tsopano mukundibweretsera wofukula maluwa? Bwererani nayoni."

"Landirani, bambo inu," anatero a Sophie. "Aka n'koyamba maluwa anuwo kubweretsa chinthu chodyedwa pakhomo pano."

"Mayi, za maluwa simuzidziwa."

"Ndikudziwa kuti akatendera amakoma. Mudzi wonse wamva."

A Sophie anandilanda nkhukuyo n'kukaivundikira m'dengu. Ine ndinalimba mtima n'kunena chimene chinandisowetsa mtendere Lamulungu lonse.

"Agogo, sindinazule. Ndinangobudula nsonga. Mitengo yake ilipo."

"Ndinapapasa, ndinaipeza. Koma duku ndi mutu, mwana wanga. Tsinde limodzi, mutu umodzi, waukulu ngati nkhonya ziwiri. Ndi mmene ndinaphunzirira, ndi mmene ndakhala ndikuchitira. Kutauni galu akathyola limodzi, ndinkalizula pomwepo n'kutaya."

"Bonongwe akamubudula amaphuka nthambi," ndinatero. "Ngati anafanana mpaka kundipusitsa ine wothyola ndiwo tsiku ndi tsiku, mwina ndi pachibale. Mwina khalidwe n'limodzi."

Anasiya kunola. Kenako anavala chipewa. "Tiyeni."

Pa bedi anagwada n'kuthyola tsamba limodzi la m'munsi. Sanaliyang'ane. Anagunditsa nsonga yake pa mlomo, ngati mayi woyesa kutentha kwa phala la mwana.

"Ili ndi duku." Anathyola lina. "Uyu ndi bonongwe weniweni."

"Weniweni?"

"Simunalakwe zonse ayi. Manyowa a m'khola la ng'ombe amabwera ndi njere za bonongwe. Theka la bedi lino ndi iyeyo. Tikamusiya, pakatha masabata atatu akhala atakwera pamwamba, duku n'kufera kunsi. Tayesani."

Ndinagunditsa masamba awiriwo pa mlomo. La bonongwe kunsonga kwake kuli kampata kakang'ono, ngati nyerere inalumako. La duku ndi lalitaliko, losalala, ndipo limathera posongoka ngati mkondo. Nditayang'anitsitsa ndinaona ndi maso zomwe mlomo unandiuza, ndipo ndinachita manyazi kuti Loweruka lija njala ya ndiwo inanditseka m'maso.

"Inu muli ndi maso, gwiritsani ntchito maso," anatero. Kenako anatsitsa mawu. "Ine ndimadalira mlomo chifukwa cha ng'ala. Chaka chachitatu chino ndikuona ngati ndili m'nkhungu ya pamwamba pa phiri. N'chifukwa chake ndinafesa mongomwaza, mizere sindikanaiwongola. Ndikanafesa m'mizere mukanadziwa kuti pali mwini. A Macdonald musawauze. Angati bedi lilibenso woliyang'anira."

Kupatula bedi lonse ndi mlomo kukanawatengera mwezi. Ndi maso anga kunatenga masiku atatu. Ndinkabwera ndikatha kutunga madzi, Linda ali kumsana, ndipo bonongwe wozulidwayo ndinkapita naye kunyumba, ulendo uno ndi chilolezo.

Kenako kunali kudikira. Patatha sabata ndi masiku awiri ndinaona timphukira tiwiri m'khwapa mwa masamba a tsinde lina. Ndinawagwira dzanja a Dominiko n'kuika chala chawo pamenepo. Anapapasa, n'kusunthira pa tsinde lina, ndi linanso, akukwawa ngati Linda.

"Ha! Ukalamba wonsewu ndidzaphunzitsidwe maluwa ndi wothyola ndiwo?" Anakhala tsonga n'kupukuta manja pa jekete. "Koma musavine msanga. Kuphuka si kuchita maluwa. Tabwerera m'mbuyo ndi masabata awiri, ndipo Pasaka sadikira munthu."

Miyezi imeneyo ndinaphunzira zambiri. A Dominiko saphunzitsa atakhala pansi. Amangolankhula manja akugwira ntchito, wofuna kutola atole. Amati uyambe wayang'ana pamene chinthu chamera. Chikakhala paliponse, m'njira, kudzala, kuseri kwa bafa, ndiye kuti chinadzibweretsa chokha. Chikakhala malo amodzi basi, alipo amene anachiika. Amafikisa tsamba n'kununkhiza, amati chanzi ndi mpungabwe sizingabise fungo. Tsiku lina anandifunsa duwa lokongola kwambiri m'munda wa chimanga, ine n'kuti kaufiti, kofiira kaja.

"Ndiye mungakadzale pakhomo?"

Ndinaseka, poti aliyense amadziwa kuti kaufiti amayamwa chimanga mpaka kupinimbira.

"Basi. Kukongola si umboni. Ndipo asisitere akamamera amaoneka ngati anyezi wodwala."

Lamulo lawo lalikulu ndi la kamtengo ka chiguduli kaja. Ukapeza chomera chimene sukuchidziwa, usachizule, ndipo kwa ine amaonjezera kuti usachiphike. Zika kamtengo pambali, umange kansalu, udikire mpaka chionetse duwa kapena njere. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinazika timitengo titatu. Chomera choyamba chinakhala mpiru wobwera ndi manyowa. Chachiwiri chinatulutsa duwa labuluu limene iwo ankayesa linathera m'jumbo lonyowa lija, ndipo tsiku limenelo anapita kwawo akuimba mluzu. Chachitatu mpaka lero sitikuchidziwa. A Macdonald anachijambula ndi foni yawo, ankati muli nzeru yozindikira zomera. Foni inatchula dzina lachizungu lalitali. Atajambulanso mbali ina, inatchula linanso.

"Foni yanuyo izike kamtengo, idikire," anatero a Dominiko. Chomeracho anangochitcha mlendo, ndipo timachithirira ndithu.

A Macdonald ankadutsa pafupipafupi, manja kumbuyo, n'kumayeza bedi ndi mapazi.

"Njinga khumi ndi ziwiri zikwana apa, a Dominiko."

"Zikadzachita maluwa mudzandiitane."

"Ine ndikuona masamba okhaokha. Kapena amake Linda akulimira mphakati ndiwo?"

Ine ndinkangoweramira pansi n'kumazula dawe amene kulibe.

Pakati pa Malichi uthenga unabwera kuti madokotala a maso achotsa ng'ala kuchipatala, ndipo dzina la a Dominiko lili pamndandanda. Anadabwa, poti sanalembetse. Kufufuza, anapeza kuti anawalembetsa ndi a Macdonald.

"Munadziwa bwanji?"

"Tsiku lija munalonjera thumba la feteleza pakhonde langa, n'kulifunsa kuti ana ali bwanji."

A Dominiko anaseka, koma anakana kupita. Anati adzapita Pasaka akadutsa. A Sophie anakalipa mpaka amayi a kumjigo anamva, osathandiza. Vuto linali lakuti nsonga za maduku zinali zitangoyamba kufiira, timitu tating'ono ngati nyemba, ndipo imeneyo ndi nthawi imene nsabwe za m'masamba ndi mbuzi zodula chingwe zimafika.

"Agogo, pitani," ndinatero. "Bedi ndiliona."

"Inu? Amene munaliphika?"

"Ine ndemwe. Ndinakhuta, sindibwerezanso."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anatulutsa sizasi m'thumba n'kundipatsa. A Sophie anandiuza pambuyo pake kuti iwo zaka zonsezi sanaloledwepo ngakhale kudulira ulusi.

A Macdonald anawaperekeza pa njinga mpaka kumsewu. Anabwerera patatha masiku atatu, diso limodzi atalikonza, koma madokotala anawaletsa kuwerama ndi kuyenda m'fumbi kwa masabata atatu. A Sophie, podziwa munthu wawo, anabisa majombo ndi chipewa kwa mchemwali wawo. Ngakhale kutchalitchi sanawalole. Ndiye bedi linatsala m'manja mwanga. Ndinkawaza phulusa m'mawa mame asanaume, ndinkathira madzi a sopo pamene nsabwe zaunjikana, ndipo ndinatchinga ndi nthambi za minga mbali imene mbuzi zimadzera. Madzulo aliwonse ndinkadutsira kwawo kukapereka lipoti.

"Akula bwanji?"

"Ngati chala chachikulu, agogo."

Sabata yotsatira anafunsanso, ine n'kuti ngati dzira la nkhuku. Anangoti, "Mmm." Ndinadziwa chimene akuganiza. Maduku awo anthu anawazolowera aakulu ngati nkhonya ziwiri za munthu wamkulu. Anga anakula kufika pa nkhonya ya Linda, n'kuima pamenepo. Ndinkaopa kuti a Macdonald adzati amenewa si maduku, ndipo komiti idzavomera.

Loweruka Loyera m'mawa amayi tinasonkhana kudzakongoletsa tchalitchi. Ine ndinaima pa bedi ndi sizasi, osadula, kudikira mwini wake. Anatulukira pa njira ya kumjigo atavala magalasi akuda, a Sophie ali pambuyo ngati wapolisi. Atafika anavula magalasi, n'kuyamba wayang'ana ine.

"Amake Linda ndinu? Ndinkayesa ndinu chimunthu chachikulu. Kamunthu aka ndi kamene kanatha bedi lonse?"

Amayi anaseka. A Dominiko anatembenukira ku bedi. Kuchokera pakona mpaka pakona panali pofiira, osaoneka dothi. Tsinde lililonse linali ndi mitu inayi, isanu, ena isanu ndi umodzi. Anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa njerwa. Atafuna kuwerama, a Sophie anawakoka jekete.

"Kale ndinkadula makumi anayi," anatero. "Makumi anayi basi, n'kumadzitama. Amayi anu ali moyo?"

"Ali moyo, agogo."

"Mukawauze kuti kuno kuli mwana wawo wasukulu wa imvi. Dulani."

Ndinadula mpaka chala chinachita thuza. Maluwa anadzaza mabeseni atatu ndi ndowa. Tili mkati monyamula, a Macdonald anafika, katoni yawo ili m'khwapa. Anatola duwa limodzi n'kulitembenuza.

"Awa ndi timaduku."

A Dominiko anafunsa modekha, "Pa msonkhano paja tinati akhale aakulu bwanji?"

A Macdonald anakanda m'mutu. Anayang'ana mabeseni, anayang'ana katoni yawo, imene maluwa ake onse sakanadzaza ngakhale ndowa. "Za kukula sitinatchule," anatero. Anaika katoni pansi. "Amayi, mabotolo akwana?"

Sanakwane. Tinadzaza guwa, tinadzaza mawindo onse, amayi anathamangira kunyumba kukatenga zitini ndi makapu, ndipo a Macdonald eni ake anakwera pa benchi kumangirira ena pamwamba pa chitseko. Lamulungu, bambo mfumu atabwera kuchokera ku Kasina, anaima pakhomo n'kufunsa ngati tachita kugula. Apongozi anga ndi amene anayankha, mokweza kuti onse amve. "Ayi bambo, ndi mtengwa wanga uyu. Anayamba walawa kaye."

Za katoni anazithetsa ndi a Dominiko omwe. Anati isatayidwe, idzagwira ntchito mu Juni ndi Julaye, pamene chisanu chimawotcha maluwa ndipo guwa limakhala lopanda kanthu. Njinga a Macdonald anazipezera malo pansi pa mitengo ya paini, anakhomapo mtanda wabwinobwino wotsamiritsira. Njerwa za bedi zikadali pomwepo.

Masiku ano amayi a mphakati akapeza chomera chachilendo popalira, sachitema. Amazika kamtengo, kapena amathyola tsamba n'kupita nalo kwa a Dominiko. Diso lachiwiri analikonzanso, amaona bwino, koma tsamba amaligunditsabe pa mlomo. Amati maso anawanamizapo, mlomo sunawanamizepo. A Sophie amati ndi dyera chabe, akufunafuna duwa lina lotendera.

Koma ndibwerere ku chaka chija. Titadula maluwa a Pasaka tinasiyako mitu makumi awiri kuti ikhwime. Mu Meyi anandiitanitsa. Ndinawapeza pakhonde akukutumulira mitu youma pa lichero, tinjere takuda tonyezimira tikugwa ngati mchenga. Titazipeta, anatulutsa mabokosi awiri a machesi, n'kudzaza onse mofanana, kusalaza ndi chala. Limodzi anaika m'thumba la jekete. Linalo anandipatsa.

"Mbewu yosunga nyumba imodzi imatha ndi denga limodzi," anatero. "Ili mukasunge kwanu. Muliike m'botolo, mutseke zolimba. Inu munafika Sitandade 8, mulembepo dzina, chifukwa njerezi ndi za bonongwe sizisiyana, angakafese kudimba apongozi anu. Disembala ikafika tidzafesa limodzi, m'mizere."

"Chabwino, agogo."

Ndinamanga bokosilo pa ngodya ya chitenje, pomwe paja ndinamanga nsonga zawo. Nditatsanzika n'kufika pa mpanda, anandiitananso.

"Amake Linda! Chinanso. Mu Januwale mudzabudule nsonga ngati munachitira muja, zonse, osasiyako. Koma mbale yoyamba mudzabwere nayo kuno. Ndipo chonde, mchere udzakwane."